Figaro ku Glyndebourne m'chaka chimene Vladimir Jurowski ankatsanzika: mafunso ndi mayankho

Pakati pa Meyi ndi Ogasiti chaka cha 2013, nyumba ya opera ya Glyndebourne ku England inaonetsa masewero oimba asanu ndi limodzi. Atatu mwa iwo anali oseketsa: Le nozze di Figaro (Ukwati wa Figaro) la Mozart, Falstaff la Verdi ndi Don Pasquale la Donizetti. Chinalinso chaka chomaliza cha a Vladimir Jurowski pa mpando wa mkulu wa zoimba, umene anaukhala kuyambira 2001. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene akufuna kudziwa za opera koma sanapeze pogwira.

Kodi opera n'chiyani kwenikweni?

Ndi sewero limene anthu ake m'malo molankhula amaimba. Pali nsanja, zovala, zitseko, mipando, monga pa sewero lina lililonse, koma kutsogolo kwa nsanjayo kuli dzenje lalikulu mmene mumakhala oimba zida: avayolini, azitoliro, amalipenga, ang'oma. Oimba a pansanja alibe maikolofoni. Mawu awo ayenera kudutsa pamwamba pa zida zonsezo n'kukafika kwa munthu wokhala mzere womalizira. Luso limeneli linayambira ku Italy cha m'ma 1600, n'chifukwa chake masewero ambiri akale ali m'Chitaliyana ngakhale olemba ake ena sanali a kumeneko.

Opera yoseketsa imasiyana ndi inzake pa anthu amene ili nawo. Zija zachisoni zimakonda mafumu, milungu ndi imfa. Zoseketsa zimalowa kukhitchini ndi kuchipinda: antchito a m'nyumba, nkhalamba yofuna kukwatira mtsikana, ngongole, makalata achinsinsi. Ndipo pomaliza pamakhala ukwati, osati maliro.

Nanga Glyndebourne ndi malo otani?

Ndi nyumba ya banja, ya kumudzi, pafupi ndi tauni ya Lewes m'dera la East Sussex, kumwera kwa London. Mwini wake, John Christie, anakwatira woimba dzina lake Audrey Mildmay, ndipo awiriwa anamanga kanyumba ka masewero ka anthu pafupifupi 300 pambali pa nyumba yawo yogona. Chikondwerero choyamba chinatsegulidwa pa 28 Meyi 1934. Nyumba imene ilipo lero ndi yatsopano, ya mipando pafupifupi 1,200, ndipo banja la Christie ndi limene likutsogolerabe. Chikondwerero cha m'nyengo yotenthachi sichidalira ndalama za boma. Chimayenda ndi matikiti ndi thandizo la anthu okonda nyimbo.

Chimene ambiri amadziwira Glyndebourne ndi kupumula kwa pakati pa sewero, kumene kumatenga pafupifupi ola ndi theka. Anthu amatuluka atavala za suti ndi madiresi aatali n'kukayala chakudya pa kapinga, nkhosa zikudya msipu chapatali. Koma amene amagwira ntchito ya zoimba amawadziwira malowa china: nthawi yaitali yoyeserera. Oimba amakhala pamodzi milungu ingapo asanaonekere kwa anthu, ndipo zimenezi zili ndi gawo lalikulu pa nkhani yathuyi.

Nkhani ya Figaro ndi yotani?

Zonse zikuchitika tsiku limodzi, m'nyumba ya bwana wina wolemera, Count Almaviva, kufupi ndi mzinda wa Seville ku Spain. Figaro ndi wantchito wa bwanayo. Susanna ndi wantchito wa mkazi wa bwanayo. Awiriwa akukwatirana tsiku lomwelo. Nsalu ikatseguka timapeza Figaro akuyeza chipinda chimene bwana wawapatsa, kuti aone poika bedi. Iye wakondwa kuti chipindacho chili pafupi ndi cha bwana, akaitanidwa safika mochedwa. Susanna ndi amene akumutsegula maso: bwana wasankha chipinda chapafupicho chifukwa akumufuna iyeyo, Susanna.

Kuyambira pamenepo ndi mpikisano wa nzeru. Bwana akufuna kuchedwetsa ukwati. Ali ndi chida: Figaro anakongola ndalama kwa mayi wina wachikulire, Marcellina, ndipo anasaina kuti akalephera kubweza adzamukwatira. Mkazi wa bwana, amene mwamuna wake anasiya kalekale kumuyang'ana, akugwirizana ndi wantchito wake kuti amutchere msampha. Pakati pa zonsezi pali kamnyamata kotchedwa Cherubino, kongotha kumene msinkhu, kamene kamagwa m'chikondi ndi mkazi aliyense wodutsa, ndipo kamapezeka nthawi zonse pamalo pamene sikayenera kupezeka: kuseri kwa mpando, m'kachipinda kosinthira zovala, mpaka kudumpha pawindo n'kuphwanya maluwa a Antonio, wolima m'munda wa bwana. Gawo la Cherubino amaimba ndi mzimayi wovala zachimuna, ndipo m'seweromo amamuvekanso zachikazi kuti abisale.

Mlandu wa ngongole uja ukufika poti Figaro wagonja. Kenako chizindikiro cha pamkono pake chikuulula kuti iye ndi mwana amene anabedwa ali khanda, ndipo Marcellina, amene amafuna kukwatiwa naye, ndi mayi ake omubereka. Usiku, m'munda, mkazi wa bwana ndi Susanna akusinthana zovala. Bwana akunyengerera mkazi wake yemwe poganiza kuti ndi Susanna, mpaka kumupatsa mphete. Zonse zitaululika pamaso pa anthu, akugwada n'kupempha chikhululuko, ndipo mkaziyo akumukhululukira.

Ndaona anthu akuseka mpaka misozi maola atatu, kenako pa mphindi imeneyi holo yonse kuti zii. Nyimbo yake imayenda pang'onopang'ono ngati ya m'tchalitchi. Palibe amene amakhulupirira kuti bwanayo wasinthiratu, komabe chikhululukocho n'chenicheni.

Analemba ndani, ndipo liti?

Nyimbo ndi za Wolfgang Amadeus Mozart, mawu ndi a Lorenzo Da Ponte. Linaonetsedwa koyamba pa 1 Meyi 1786 ku Burgtheater mumzinda wa Vienna, Mozart ali ndi zaka 30, ndipo anatsogolera yekha oimba.

Nkhaniyi anaitenga ku sewero lolankhula la Pierre Beaumarchais wa ku France, limene mfumu Louis XVI inalikaniza kwa zaka zingapo lisanaloledwe ku Paris mu 1784. Ku Vienna nako mfumu Joseph II inaletsa kuti lionetsedwe. Chifukwa chake n'chosabisika: wantchito akuposa bwana wake nzeru, ndipo akunena poyera kuti bwanayo palibe chimene anachita kuti akhale bwana, anangobadwa basi. Zaka zochepa pambuyo pake, mu 1789, anthu wamba a ku France anaukira mafumu awo. Da Ponte anachotsa mawu aukali a ndale kuti chilolezo chipezeke, koma Mozart anausiya mkwiyowo m'nyimbo. Figaro akamalonjeza kuti bwana akafuna kuvina iye ndi amene amuimbire, nyimboyo ikuyenda mwaulemu ngati gule wa kunyumba ya mfumu, koma mano ali kukukuta.

Ku Vienna linaonetsedwa kasanu ndi kanayi kokha chaka chimenecho. Ku Prague ndi kumene linagwira moto, ndipo n'kumene anamupempha Mozart kuti alembe Don Giovanni.

Munthu uja wogwedeza kandodo, ntchito yake n'chiyani? Oimba sangaimbe popanda iye?

Amene anakulira m'kwaya akudziwa kale theka la yankho. Woimbitsa ndi amene amayambitsa, amasunga liwiro, amatsitsa gulu lina kuti lina limveke, amadula onse pamodzi. Ku opera ntchitoyi imakula chifukwa magulu ndi awiri ndipo saonana bwino. A zida ali m'dzenje, saona zimene zikuchitika pansanja. A pansanja akuthamanga, akubisala, ena akuimba atafulatira kapena atagona pansi, ndipo zida sazimva mofanana ndi mmene wa mu holo amazimvera. Woimbitsa yekha ndi amene amaona mbali zonse. Dzanja limodzi limasunga nthawi, lina limauza woimba kuti lowa tsopano, kapena limauza amalipenga kuti mwaphimba mawu a mtsikanayu.

Koma zimene timaona usiku wa sewero ndi kachigawo kochepa. Ntchito yeniyeni inachitika milungu ya m'mbuyo, m'chipinda chokhala ndi piyano imodzi yokha, mmene woimbitsa ndi woimba amakambirana za mzere umodzi: apumire pati, liwu liti litsindikidwe, mkaziyu pano akunama kapena akunena zoona. Woimbitsa wabwino wa opera amapuma limodzi ndi woimba. Akaona kuti lero mpweya wamuchepera, amafulumizitsa zida pang'ono osadikira kuuzidwa, ndipo omvera sadziwa kuti pachitika kanthu.

Sewero loseketsa si ndiye lopepuka kwa woimbitsa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu ambiri. Nthabwala imafa ikachedwa ndi kamphindi. Nyimbo yachisoni ikatalika pang'ono, omvera amati woimbitsa wazama. Chitseko cha mu Figaro chikatseguka mochedwa ndi kugunda kumodzi kwa mtima, palibe amene amaseka, ndipo palibe pobisala.

Taonani mathero a gawo lachiwiri mwa magawo anayi a Figaro. Kwa mphindi pafupifupi 20 nyimbo siima. Imayamba ndi anthu awiri, bwana ndi mkazi wake, akukangana pakhomo pa kachipinda kokiyidwa. Bwana ali ndi chitsimikizo kuti muli mwamuna. Chitseko chikutseguka, akutuluka Susanna. Akhala atatu. Akubwera Figaro, kenako Antonio ndi maluwa ake ophwanyika, kenako Marcellina ndi anzake awiri ndi chikalata cha ngongole. Pomaliza anthu asanu ndi awiri akuimba nthawi imodzi, aliyense zakezake. Munthu watsopano akalowa, liwiro ndi kamvekedwe ka nyimbo zimasintha. Woimbitsa akathamanga msanga, pofika kumapeto alibenso pothamangira. Akazengereza, mphikawo umazizira. Ayenera kusonkhezera moto pang'onopang'ono kwa mphindi zonsezo, kwinaku akuonetsetsa kuti mawu a aliyense akumveka, chifukwa nthabwala ili m'mawuwo.

Palinso zigawo zimene oimba amakhala ngati akulankhula, mothamanga, chida chimodzi chonga piyano chikuwaperekeza. M'menemo ndi mmene nkhani imayendera. Zigawo zimenezi sizitheka ndi kandodo. Zimatheka ndi anthu amene ayeserera limodzi mpaka aliyense akudziwa pamene mnzake amezere malovu. N'chifukwa chake ndimati mukafuna kudziwa ngati gulu la opera lili ndi moyo, musaliyese ndi sewero la woimba mmodzi wotchuka. Liyeseni ndi Figaro, limene lili ndi anthu khumi ndi mmodzi ndipo palibe amene angalinyamule yekha.

Woimbitsa ndi mkulu wa zoimba ndi munthu mmodzi?

Osati nthawi zonse. Mkulu wa zoimba ndi woimbitsa, koma pa chikondwerero cha masewero asanu ndi limodzi iye amatenga limodzi kapena awiri. Enawo amaimbitsa ndi alendo. Udindo wake waukulu ndi wosaoneka: amakhala nawo posankha masewero a zaka zikubwerazo, posankha oimba ndi oimbitsa achilendo, ndiponso amayang'anira mmene kwaya ndi ophunzitsa oimba akugwirira ntchito.

Ndiye a Jurowski ndi amene anaimbitsa Figaro potsanzika?

Ayi. Figaro wa 2013 anaimbitsa ndi a Jérémie Rhorer a ku France. A Jurowski anadzisankhira Ariadne auf Naxos la Richard Strauss, ndipo kusankhako n'kochititsa chidwi, chifukwa sewerolo likukamba za funso lomwe tangokambiranali. Munthu wolemera kwambiri mu Vienna waitana magulu awiri kuti asangalatse alendo ake, lina la opera yachisoni, lina la anthabwala. Nthawi yachepa, ndiye akulamula kuti onse asewere nthawi imodzi pansanja imodzi kuti zophulitsa zokongoletsa kumwamba ziyambe pa nthawi yake. Mnyamata wolemba nyimbo zachisoni uja akulira kuti luso lake lanyozedwa, koma zikuoneka kuti misozi ndi phwete zikutha kukhalira limodzi. Wokonza sewerolo, Katharina Thoma, analiika m'nyumba ya kumudzi ya ku England m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nyumba yofanana ndi Glyndebourne yeniyeniyo, imene pa nkhondoyo inasunga ana othawa mabomba.

A Jurowski anabadwira ku Moscow mu 1972 ndipo anatenga udindowu asanakwanitse zaka 30. M'zaka zawo anaimbitsa zolemera ngati Tristan und Isolde ndi Die Meistersinger von Nürnberg za Wagner, komanso zoseketsa zingapo, kuphatikizapo La Cenerentola la Rossini, Die Fledermaus ndi Falstaff.

Anachoka chifukwa cha mkangano?

Kuchoka kwawo kunalengezedwa nthawi ikadalipo, ndipo wolowa m'malo anatchulidwa mu 2011, zaka ziwiri ndi theka asanayambe ntchito. M'ntchito imeneyi ndi mmene zimayenera kukhalira, chifukwa oimba otchuka amalonjezedwa ntchito zaka zitatu kapena zinayi zam'tsogolo. Mkulu watsopano akabwera modzidzimutsa amapeza kuti zonse anakonzeratu ndi ena.

Ndipo sanapite kutali. Kuyambira 2007 mpaka 2021 anali woimbitsa wamkulu wa London Philharmonic Orchestra, gulu la zida limene lakhala likuimba m'dzenje la Glyndebourne kuyambira 1964. Mu 2021 anakakhala mkulu wa zoimba ku nyumba ya opera ya Bayerische Staatsoper mumzinda wa Munich ku Germany.

Sikuti kuchoka konse kumakhala kwa mtendere chonchi. Mu 2023 a Martyn Brabbins anatula pansi udindo ku English National Opera posagwirizana ndi ganizo lochepetsa oimba zida ndi a kwaya. Kumeneko bala limakhala lalikulu, popeza wochokayo akuchoka pamodzi ndi ena mwa anthu amene amapanga kamvekedwe ka gululo.

N'chifukwa chiyani Figaro amangobwerabwera ku Glyndebourne?

Chifukwa ndi amene anatsegula chitseko. Pa 28 Meyi 1934 sewero loyamba linali lomweli, Audrey Mildmay akuimba Susanna. Woimbitsa anali Fritz Busch, ndipo nkhani yake nayo ndi ya kuchoka, koma kowawa. Busch anali mkulu wa opera ya ku Dresden. Sanali Myuda, koma sanabise kudana kwake ndi chipani cha Nazi, ndipo mu Malichi 1933 anthu a chipanicho anamusokoneza ndi phokoso mu holo mpaka anachotsedwa ntchito. Anatuluka m'dziko la Germany. Iye ndi Carl Ebert, wokonza masewero amene nayenso anathawa, ndi amene anabweretsa ku mudzi wa ku Sussex chizolowezi choyeserera mosatopa ndi kuona oimba ngati gulu limodzi. Dresden inataya, Glyndebourne inatola.

Patatha zaka 60 ndendende, pa 28 Meyi 1994, nyumba yatsopano inatsegulidwa ndi Figaro yemweyo, akuimbitsa Bernard Haitink. Choncho sewero limeneli ndi muyeso wa pakhomopo. Oimbitsa asinthana: Busch, Vittorio Gui, John Pritchard, Haitink, Andrew Davis, Jurowski. Aliyense akamachoka, funso silikhala lakuti anali waluso motani, koma lakuti gulu limene wasiya lingathebe kuimba mathero a gawo lachiwiri aja mogwirizana pamene iye kulibe.

Analowa m'malo ndani?

A Robin Ticciati, obadwira ku London mu 1983, amene anayamba mu Januwale 2014 monga mkulu wa zoimba wachisanu ndi chiwiri. Sanali mlendo. Anatsogolerapo gulu la Glyndebourne loyendayenda m'mizinda ina ya ku England, ndipo ndi iwo amene anaimbitsa Figaro mu 2012, pamene kakonzedwe ka sewerolo kamene kanabwerezedwa mu 2013 kankaonetsedwa koyamba. Tinganene kuti anayesedwa pa sewero la pakhomo asanapatsidwe makiyi. Chaka chawo choyamba anatsegula ndi Der Rosenkavalier la Strauss, nalonso loseketsa.

Ndamva kuti Figaro ameneyu anavala zovala za masiku ano. N'zololedwa?

Wokonza sewerolo, Michael Grandage, analisiya ku Seville komweko koma analisunthira cha m'ma 1960. Bwana ndi mkazi wake amafika pa galimoto yofiira yopanda denga. Nyimbo ndi mawu sizinasinthe ngakhale pang'ono.

Pali amene amadandaula kuti mphamvu za bwana pa antchito ake sizimveka bwino zikachotsedwa m'nthawi ya mafumu. Ine sindiona choncho. Bwana amene amaganiza kuti malipiro amene amapereka amugulira ndi thupi la wantchito wamkazi sanathe ndi zaka za m'ma 1700. Mtsikana aliyense amene anagwirapo ntchito m'nyumba ya munthu amamudziwa Susanna: kumwetulira kuti ntchito isathe, kuzemba mwaulemu, kuwerenga mapazi a bwana pakhonde. Kusuntha zaka kumavuta pokhapokha ngati zovala zayamba kukopa maso kuposa nkhaniyo.

Chitaliyana sindichimva. Ndingatsatire bwanji?

Pamwamba pa nsanja pamakhala chikwangwani chowala chimene chimalemba tanthauzo la mawu m'Chingerezi pamene akuimbidwa. Komabe werengani nkhani yake musanayambe, makamaka gawo lachinayi, chifukwa m'munda muja mumdima ngakhale ozolowera amasokonezeka kuti wavala za mnzake ndani.

Kodi oimba a kuno kwathu ku Africa amafikako kumeneko?

Amafika. Pamene Figaro wa Grandage anabwereranso mu 2016, mkazi wa bwana anaimba ndi Golda Schultz wa ku South Africa. Dziko limenelo latulutsa oimba opera ambiri, monga Pretty Yende ndi Masabane Cecilia Rangwanasha, ndipo ambiri a oimba a kumeneko anayambira m'makwaya a kusukulu ndi kutchalitchi asanapite ku sukulu za zoimba monga ya ku yunivesite ya Cape Town. Amene ali ku South Africa angathe kuonera masewero otere ku Cape Town Opera osakwera ndege.

Ndikufuna kuonera. Ndiyambire pati?

Ngati muli ku Britain, sitima yochokera ku London Victoria imafika ku Lewes pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo masiku a chikondwerero pamakhala basi yonyamula anthu kuchokera pa siteshoni. Matikiti a mipando yabwino ndi okwera mtengo ndipo amatha msanga, koma pali malo oimirira otsika mtengo, komanso matikiti apadera a achinyamata. Masewero amayamba masana kuti anthu apeze sitima yobwerera.

Kwa amene ali kutali, Figaro wa 2012 uja anajambulidwa ndipo alipo pa DVD, a Ticciati akuimbitsa Orchestra of the Age of Enlightenment, gulu limene limaimba ndi zida zopangidwa monga za m'nthawi ya Mozart. Ngati maola atatu akuchulukirani, yambani ndi mathero a gawo lachiwiri. Koyamba onerani nkhope za oimba. Kachiwiri tsekani maso, muwerenge anthu pamene akulowa, kuyambira awiri mpaka asanu ndi awiri, ndipo mumvetsere zimene zida zimachita munthu watsopano aliyense akangoponda pakhomo.